Kukaona mzukwa ku Phalula

Mpaka lero kuno ku Chiuta alipo anthu amene amanena kuti ine Twaibu ndinapita ku Balaka kukasangalala ndi kanema pa ndalama za sukulu. Bodza limeneli landitopetsa. Matikiti onse a ulendowo ali m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi langa, ndipo wofuna kuwaona abwere masana, ayambe wasamba m'manja. Ndinalipira ndekha. Komanso sindinapite kukasangalala. Ndinapita chifukwa cha Mariamu.

Mariamu ndi mdzukulu wanga, mwana wa Yusufu, amene anamira pa nyanja bwato litagubuduka miyezi ingapo izi zisanachitike. Anali mu Sitandade 8, mtsikana yekha wa Chisilamu amene anafika kalasi imeneyo pa sukulu yathu. Fizi ndinkalipira ine, malisiti alipo. Koma kuno mwana si wa kuchimuna. Mwini mbumba anali mlongo wa mayi ake, Che Ajibu, wogulitsa nsomba zouma, ndipo ine ndinali gogo chabe, wopatsidwa moni ndi mpando koma osati mawu. Ndinkadziwanso kuti kwa Che Ajibu kunkafika kawirikawiri mnyamata wina wobwera ku Joni, wa wailesi yaikulu, ndipo sankadzagula nsomba: ankafuna Mariamu ukwati.

Tsiku lina ahedi anauza komiti ya makolo, mmene ine ndinali mlembi, kuti kukubwera munthu wa kanema woyendayenda kudzaonetsa ana a Sitandade 7 ndi 8 filimu ya mzukwa. Anati si yoopsa, ndi yoseketsa. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kwa Che Ajibu, ndipo anandipeza pakhonde.

"Ambuje, mwana bambo ake agona dzulodzuloli, inu mukamuonetse akufa akuyenda? Ikangofika filimu imeneyo pasukulu, Mariamu atuluka. Mudziwiretu."

Ndinaona kuti munthuyu wapeza khomo limene ankalifuna. M'mawa mwake ndinapempha ahedi kuti aletse zonse. Iwo anatseka chitseko, natsitsa mawu. Anati mwini kanemayo amayamba ndi nkhani za boma, Mtsogoleri akuyendera mbewu, kenaka ndiye mzukwa. "Ndilembe kuti komiti yakana? Chabwino. Dzina ndilembepo la ndani, Che Twaibu?" Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo wokana chinthu chokhala ndi nkhope ya Mtsogoleri kutsogolo ankatsanzikiratu banja lake. Anandionetsanso pepala la chidindo lonena kuti filimuyo ndi yololedwa kwa ana okulirapo. Ndinawauza kuti odinda mapepala amenewo amayang'ana akazi ovala mathalauza ndi anthu opsompsonana. Za maliro a kwathu kuno sazidziwa.

Chotsala chinali kukaiona ndi maso. Mwini kanemayo, a Lufeyo, ankakhala ku Balaka. Che Ajibu atamva kuti ndikupita anati nawonso ali ndi matemba okagulitsa komweko.

"Inu mukabwerako ndi pepala, ambuje. Ine ndikufuna maso anga."

Tinanyamuka pa lole ya nsomba, imene inati ibwera m'bandakucha koma inafika dzuwa litakwera pamwamba pa mitengo. Ine anandiika kutsogolo chifukwa cha imvi, Che Ajibu pamwamba pa mitanga yawo. Nditalipira ndinapempha tikiti. Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola.

"Madala, iyi ndi lole ya nsomba. Mlamba umapatsidwa tikiti?"

"Mlamba sunakupatseni ndalama. Ine ndakupatsani."

Anang'amba paketi ya ndudu, nalembapo dzina lake ndi mawu akuti Ntaja. Kapepalako kalipo, ndipo kamanunkhabe.

Tisanafike pa Nselema tayala la kumbuyo linaphulika. Tayala lina analibe. Anachotsa chubu, namata chigamba pamwamba pa chigamba chinzake, ndipo amuna onse tinasinthana kuponda pampu pa dzuwa, ntchentche zitatizinga chifukwa cha katundu wathu. Pamene ine ndinkaponda, ndinaona Che Ajibu akokera pambali munthu wina wa njinga wolowera ku Chiuta, nkumunong'oneza kanthu m'Chiyao, dzanja lili paphewa. Ndinasiya pampu.

"Uthenga wa kwa ndani umenewo?"

"Wa kwa akazi anga, atembenuze nsomba pa thandala. Kapena ndiwalembere kalata, inu mudindepo?"

Sindinakhulupirire. Ndinali ndi chithunzi cha mnyamata wa wailesi uja akulandira mawu akuti konzekani, nkhalamba ikukagwa nayo ku Balaka. Umboni ndinalibe, choncho ndinangolemba nthawi ndi malo kuseri kwa paketi ya ndudu ija.

Pa Ntaja tinapeza basi itapita. Ina inabwera masana, yodzaza kale, ndipo kondakitala anakangana ndi Che Ajibu nthawi yaitali za mtengo wa mitanga asanaikweze pamwamba. Tinakhala mpando umodzi, mawondo atagundana, aliyense akuyang'ana kwake. Kutsogolo kwathu kunali mayi wina wa nkhuku m'dengu, ndipo kumbuyo kunali bambo wa nsapato zopukuta bwino, wowerenga nyuzipepala osatembenuza tsamba. Nsapato zotere pa msewu wa fumbi wa ku Nsanama zinandipatsa maganizo.

Mayi wa nkhukuyo anali wokonda macheza. Atafunsa kumene tikupita, Che Ajibu anayankha mwadala mokweza kuti agogowa akukaona mzukwa ku Balaka, awufunse ngati ndi woyenera ana. Basi yonse inaseka, ndipo nkhani inagwira moto. Wina anati mwana woti wavinidwa kale sangaope zithunzi. Wina anati mwana wake anaona kanema wa nkhondo ku Liwonde, nakhala mwezi akukodza pamphasa. Mphunzitsi wina wachinyamata anati kwa azungu mizukwa ndi masewera chabe. Pamenepo mayi uja anati:

"Aa, asiyeni ana aone. Bola kumeneko akufa amabwerera. Kuno ngakhale amoyo akatengedwa sabwerera."

Munthu sanasekenso. Kondakitala anayamba kuwerenga matikiti amene anali atawerenga kale. Bambo wa nsapato uja anatembenuza tsamba kwa nthawi yoyamba. Mpaka pa Liwonde m'basimo munkangomveka nkhuku.

Pa mlatho wa Shire anatitsitsa tonse. Anyamata a chipani anali atayika migolo pamsewu, akufuna makhadi. Langa ndinali nalo, pamodzi ndi a zaka zonse za m'mbuyo, omangidwa ndi mphira motsatana. La Che Ajibu linatuluka m'thumba la malaya lili lofewa ngati mkate wonyowa. Linali litagwerapo m'madzi pa doko, ndipo pamalo pa chaka panali banga la mafuta a nsomba.

"Ili ndi la chaka chatha, abambo," anatero mnyamatayo. "Mutsale. Tsitsani katundu wawo."

Ndisabise, maganizo anandibwerera akuti akatsala pano, woweruza filimuyo nditsala ndekha. Koma ndinadziwanso kuti Che Ajibu wotsala pa Liwonde sangakhulupirire ngakhale liwu limodzi la zimene ndikanabwera nazo, ndipo Mariamu akanatuluka ndithu. Ndinamasula mphira uja, nkuyala makhadi anga pa mgolo ngati wogulitsa tomato.

"Mwana wanga, taona. La chaka chatha ndi ili, mtundu wake ndi uwu. La chaka chino ndi ili. Tsopano ika la bambowa pakati. Likufanana ndi liti?"

Anayang'ana, naitana mnzake, nayenso anayang'ana. Anthu anayamba kuunjikana, dalaivala akuliza hutala. Mnyamatayo anabweza khadi lonyowalo ndi zala ziwiri, natikupiza dzanja kuti tizipita. Titakhala pansi ndinadikira zikomo.

"Mwandiombola kuti ndikakuvomerezeni ku Balaka, eti?" anatero Che Ajibu.

"Ndakuombolani kuti mukaone ndi maso anu aja."

Bambo wa nsapato sanakwerenso. Mayi wa nkhuku anatsika pamalo ena tisanafike ku Balaka, wosatsanzika munthu. Sindikudziwa ngati zinamuthera bwino.

Ku Balaka tinafika dzuwa litapendeka. Nyumba ya a Lufeyo inali kuseri kwa telala wina pafupi ndi njanji, ndipo pachitseko panali loko. Telalayo, singano ili pakamwa, anati mwini wake wanyamuka m'mawa womwewo ndi katundu yense kupita ku Phalula, kumene anthu akugulitsa thonje ndipo ali ndi za m'thumba. Che Ajibu anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Wathawa lero lomwe? Ahedi anu anamutumizira mawu kuti abise zoopsazo."

"Kapena munthu wanu wa njinga uja ndi amene wamuthamangitsa."

"Wa njinga analowera ku Chiuta, ambuje. Onani pa kapepala kanu."

Iwo anakagulitsa matemba awo kumsika, kusiya nsomba zochepa za makumba, ine ndikuwalondera patali. Tinaswali pa mzikiti wa pafupi ndi msika, ndipo shehe wa pamenepo anatilola kugona pakhonde. Che Ajibu anatsamira thumba la ndalama, ine chikwama cha mapepala.

M'mawa tinakwera basi ya ku Blantyre. Msewu wa phula ndi wina. Midzi ya kwa Nsamala inangodutsa pazenera, minda ya thonje, ana ogulitsa masau. Pa Phalula sitinavutike kufunsa. Pansi pa mtengo, pafupi ndi shedi yogulirapo thonje, munthu wamfupi wa chipewa cha nsalu anali atamasula injini ya magetsi, zitsulo zili mbwee pa thumba. Ameneyo anali a Lufeyo.

A Lufeyo anatikana kaye. Amuna awiri achilendo, wina wa chikwama cha mapepala, ofuna kuona filimu masana popanda anthu: anaganiza kuti tatumidwa ndi boma. Anatulutsa ziphaso zake zonse, nalumbira kuti nkhani za Mtsogoleri sanadulepo ngakhale kachidutswa. Nditamuonetsa kalata imene ahedi anandipatsa ponyamuka, mtima unakhala pansi, koma anayamba za petulo. Che Ajibu anamasula makumba aja, nawaika pa injini ngati malipiro. Ndinadabwa. Munthu wofuna chifukwa chokanira sataya nsomba zake, pokhapokha ngati akudziwa kuti chifukwacho achipeza.

Tinatseka mazenera a shedi ndi masaka. A Lufeyo anapachika nsalu yoyera pakhoma, naliza injini. Nkhani za boma tinazionera titakhala mowongoka, zipewa zili m'manja, pakuti ndani akudziwa amene amasuzumira pa msaka. Kenaka inayamba ya mzukwa, a Lufeyo akumasulira m'Chichewa ndi mawu a anthu onse, amuna ndi akazi omwe.

Inali nkhani ya mzungu wophika buledi amene anamwalira nkusiyira ntchito ana ake awiri, mnyamata ndi mtsikana. Mnyamatayo ankaphika mwaulesi, kuiwala mchere, anthu nkuleka kugula. Ndiye bambo uja ankabwera m'mamawa kudzakanda ufa. Sankaoneka, pokhapokha ufa ukamuthira, ndipo pamenepo unkaona mphuno yokha, kapena mimba, kapena dazi likuyenda lokha. Ine ndinali ndi pensulo, kulemba malo oopsa. Ndinapeza amodzi: dzanja likutuluka m'thumba la ufa, nyimbo itakwera mwadzidzidzi. Mwana wa Sitandade 2 akanalota nalo. Wa Sitandade 8, amene amadutsa pa manda popita kotunga madzi, akanangodzidzimuka nkuseka. Magazi panalibe, mtembo sanaonetse, ufiti panalibe. Pomaliza mwana wamkazi ndi amene anaphunzira kukanda monga bambo ake, ndipo nkhalambayo inalawa mkate, nivula chipewa, nituluka pakhomo osabweranso.

Pamene dazi linkayenda lokha ndinamva benchi ikugwedezeka. Che Ajibu anali atatseka pakamwa ndi chikofiya, mapewa akudumpha. Ataona kuti ndawaona anasandutsa kuseka kukhala chifuwa.

Ine sindinaseke, chifukwa pakati pa filimu ndinali nditaleka kuona azunguwo nkuyamba kuona nsalu. Pakatikati pake, pamene nkhope za anthu zinkagwera, panali msoko waufupi wosokedwa ndi ulusi wakuda. M'mbali munalibe mpendero, munali mong'ambidwa ndi manja. Zidutswa zinali zitatu, zolumikizidwa. Kwathu ku mzikiti ine ndine wong'amba sanda, nsalu yokulungira maliro. Ya mwamuna imakhala zidutswa zitatu, ndipo chimodzi timachiboola pakati polowetsa mutu. Yomaliza imene ndinang'amba inali ya Yusufu. Injini itazima ndinapita pakhomapo ngati wowongola miyendo, nkununkhiza. Pansi pa fumbi ndi utsi wa petulo panali fungo la ubani.

Che Ajibu anali akupukuta maso, akufunsa a Lufeyo mmene azungu amayendetsera dazi lopanda munthu. Ankaoneka kuti sanaone kanthu. Filimu inali itawagonjetsa. Ndikanangokhala chete, tikanabwerera kwathu titagwirizana, ndipo mwina mumdima wa pasukulu munthu sakanazindikira. Ndikanena, ndiye kuti ndawapatsa m'manja chifukwa choposa chimene ankachifuna: sukulu ya mdzukulu wanga ikuvinitsa azungu pa sanda ya Msilamu.

"Nanga ambuje, mwalemba zotani?" anafunsa Che Ajibu.

"Ndalemba kuti filimu ndi yoyenera a Sitandade 7 ndi 8. Aang'ono ayi, chifukwa cha dzanja lija. Koma nsalu iyi ku Chiuta sifika. A Lufeyo, munaitenga kuti?"

Anati anaigula motchipa pa msika wa Balaka kwa mnyamata wina wokonda njuga, amene anati ndi bafuta wotsala wa bambo ake. Bowo la pakati anasoka yekha, akuyesa kuti ndi mbewa.

"Si mbewa. Umo ndi molowa mutu wa munthu. Pali nkhalamba ina ku Balaka imene inakonzeratu sanda yake nkuisunga m'bokosi, ndipo sikudziwa kuti m'bokosimo mulibe kanthu."

A Lufeyo, munthu woyenda ndi mzukwa m'chitini dziko lonse, anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda injini. Anati miyezi yonseyi akhala akuitsamira pogona. Sanafunenso kuikhudza. Tinaitsitsa ife awiri, Che Ajibu mbali ina ine mbali ina, nkuipinda monga ipindidwira.

Tili panja kudikira basi, ndinati, "Nenani tsono. Chifukwa mwachipeza."

Che Ajibu anayamba asenda nzimbe imene anagula pamsewu, naluma, nalavula.

"Ndinaiona akuipachika, ambuje, injini isanalire. Mukuyesa sanda mumaidziwa nokha? Ndinanyamula nawo jeneza la alamu anga popita nawo kumanda."

"Ndiye munakhaliranji chete?"

"Ndimadikira inu. Ndinati nkhalamba iyi ikabisa, ndiye kuti sukulu yawo ndi ya zobisa, ndipo zonse zimene amandiuza za mwanayu ndi mapepala chabe. Mukanakhala chete, wa wailesi uja ndikanamuyankha sabata yomweyi."

"Ndiye kuti mawu munamutumizira, pa Nselema paja."

"Ndinatumiza kuti adikire. Nsomba nazonso ndinatchula."

Nsaluyo tinaisiya kwa shehe wa ku Balaka, amene atangomva za mnyamata wa njuga anagwedeza mutu, nati mwini wake akumudziwa, ali moyo, ndipo amuuza pang'onopang'ono. Ndinapempha kuti andilembere kuti walandira. Analemba.

Za pobwerera palibe chonena, kupatula kuti lole ya pa Ntaja inali yomwe ija ndipo dalaivala atandiona anayamba yekha kung'amba paketi. Pasukulu tinapaka njereza khoma la kalasi ya Sitandade 8, ndipo ndowa ananyamula ndi Che Ajibu, akudandaula kuti ntchito ya boma yawagwera. A Lufeyo atabwera anaonetsa pakhoma lomwelo. Nkhani za Mtsogoleri zinaoneka bwino lomwe, ahedi anapuma. Ana aang'ono tinawabweza pakhomo, ngakhale ena anakwera mtengo wa mango wa pazenera, ndipo za maloto awo ine ndilibe nazo mlandu, ndinachenjeza polemba.

Ine ndinakhala kumbuyo, maso ali pa mpango wa Mariamu. Dzanja litatuluka m'thumba anakuwa pamodzi ndi anzake, kenaka anaseka. Pamene wophika buledi anavula chipewa nkutuluka, anzake anaomba m'manja, iye anangokhala. Potuluka anadzandigwadira monga mwa nthawi zonse, nati, "Agogo, bamboyo anapita chifukwa mwana uja wadziwa ntchito, eti?" Ndinati eya. Anati chabwino, nathamangira anzake.

Che Ajibu anandiperekeza mpaka pa mphambano.

"Mpaka mayeso, ambuje. Akalemba tidzakangananso."

Ndinatulutsa pensulo ndi pepala kuti andilembere mawu amenewo. Anayang'ana pepalalo, nandiyang'ana ine, naika manja kumbuyo.

"Iyayi. Ili lokha musunge popanda pepala."

Ndinakwiya njira yonse mpaka kunyumba, ndipo miyezi yotsatirayo ndinkasuzumira kwawo tsiku lililonse kuona ngati wailesi ija ikulira pakhonde. M'chitini changa muli matikiti, paketi ziwiri za ndudu, kalata ya shehe, ndi kapepala ka nambala ya mayeso ya Mariamu, kamene anandipatsa atatuluka m'chipinda cholembera tsiku lomaliza. Pa zonse za ulendo umenewo, lonjezo la Che Ajibu lokha ndi limene ndilibe umboni wake.